Transaction yakanika, yaima kapena yangosowa? Mafunso ndi mayankho pa zimene wallet imatiuza

Munthu akadina batani lotumizira ndalama pa blockchain (kaundula wa pa intaneti wa ndalama za crypto) n'kuona chizindikiro chofiira, amafuna kudziwa zinthu zitatu basi: ndalama zanga zili kuti, andidula zingati, nanga ndikabwereza sinditumiza kawiri? Mapulogalamu ambiri sayankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa. Amangomuponyera nambala ya vuto n'kumusiya yekha.

Wallet yalemba kuti "Failed". Chachitika n'chiyani kwenikweni?

Zimatengera pamene transaction yanu, pempho lotumiza ndalama limene mwasaina, yathera ulendo wake.

Ikhoza kukanidwa isanapite kulikonse. Wallet, apu yanu yosungira ndi kutumizira ndalamazi, imalankhula ndi kompyuta ina yotchedwa node, ndipo node ikaona kuti china sichili bwino imaibweza pomwepo. Mauthenga monga "insufficient funds for gas * price + value" kapena "nonce too low" amachokera pamenepa. Palibe chalembedwa pa blockchain, ndipo simunalipire kanthu.

Ikhozanso kulandiridwa n'kukhala pamzere wodikira, umene amautcha mempool, osalowa mu buloko, gulu la ma transaction limene limalembedwa pa blockchain nthawi imodzi. Iyi sinatheke, koma sinalepherenso. Ikakhalitsa pamzerepo, ma node akhoza kuitaya, kapena transaction ina yanu yomwe ikhoza kuilanda malo.

Ndiye pali ija imene imalowa mu buloko, netiweki n'kuyamba kuchita zimene mwapempha, kenako n'kuima panjira. Ndi iyi yokha imene blockchain yeniyeniyo imailemba kuti yalephera, ndipo ndi iyi yokha imene imakudyerani ndalama ya gasi, malipiro a netiweki. Chokhumudwitsa n'chakuti ma wallet ena amapaka zonsezi mtundu umodzi wofiira ndi liwu limodzi, chonsecho chimene muyenera kuchita pa chilichonse n'chosiyana.

Ndingadziwe bwanji kuti yanga ili pati?

Funani hash yake. Ndi mndandanda wautali wa manambala ndi zilembo umene transaction iliyonse imakhala nawo ikangosainidwa. Pa Ethereum imayamba ndi 0x, n'kutsatira zilembo ndi manambala 64. Ikopereni mukaiike pa explorer (tsamba lofufuzira ma transaction) ya netiweki imene munatumizirapo: Etherscan ya Ethereum, mempool.space ya Bitcoin, Solscan ya Solana, Tronscan ya Tron.

Ikaoneka ili ndi nambala ya buloko, ndiye kuti yalowa, kaya yatheka kaya yalephera, ndipo tsambalo likuuzani. Ikaoneka yopanda buloko, ikudikirabe. Ikapanda kuoneka n'komwe, musathamangire kunena kuti yafa. Kulibe mempool imodzi ya onse. Node iliyonse ili ndi yakeyake, ndipo explorer imangoona zimene ma node ake aona.

Nanga bwanji andidula ndalama pamene palibe chatheka?

Ili ndi funso limene limabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Gasi si mtengo wa zotsatira, ndi mtengo wa ntchito imene makompyuta a netiweki agwira. Zili ngati kuchita hayala galimoto kupita ku ofesi n'kukapeza atseka: zimene munapitira sizinatheke, koma dalaivala wayendetsa ndithu. Kukanakhala kuti transaction yolephera ndi yaulere, aliyense akanatha kudzaza mabuloko ndi zinthu zongolephera dala n'kutsekereza anzake onse popanda kutaya kanthu.

Ndalama imene munkatumiza yokha sichoka. Transaction ikalephera pa Ethereum, zonse zimene inayamba kusintha zimabwezedwa mmene zinalili, kupatula gasi wolipiridwa ndi nambala ya nonce (nambala yowerengera ma transaction a adiresi yanu) imene yagwiritsidwa ntchito.

Kuchuluka kwa zimene mwataya kumatengera mtundu wa kulepherako, ndipo apa ndi pamene uthenga wa pa explorer umathandiza. Ukati "execution reverted", kontrakiti, pulogalamu yokhala pa blockchain, inafika pena pake n'kuona kuti lamulo lina silinakwaniritsidwe, n'kuimitsa ntchito mwadala. Mumalipira gasi wa ntchito imene inagwiridwa kufika pamenepo, wotsalayo sadulidwa. Ukati "out of gas", ndiye kuti malire a gasi amene munaika anali ochepa, ntchito inathera panjira, ndipo gasi yense watha. Kutumiza ETH, ndalama ya Ethereum, kuchoka ku adiresi wamba kupita ku inzake kumadya gasi 21,000 ndendende. Munthu akatenga nambala yomweyo n'kuiika potumiza token (ndalama ina yoyendetsedwa ndi kontrakiti), kapena potumiza ku adiresi ya kontrakiti imene ili ndi zochita, gasi sakwana.

Netiweki ikapanikizika, ndalama yotayika imakula kwambiri. Kumapeto kwa Epulo 2022, pamene kampani ya Yuga Labs inkagulitsa ma NFT (ma token oimira chinthu chimodzichimodzi) a Otherside, anthu ambiri analipira gasi wokwera zedi pa ma transaction amene analephera, mpaka kampaniyo inawabwezera ndalama ya gasiyo. Inabweza ndi kampani mwa kufuna kwake, osati Ethereum. Pa Solana chodulidwa chimakhala chochepa, ma lamport (tizigawo ting'onoting'ono ta ndalama ya Solana) 5,000 pa siginecha iliyonse kuphatikiza chimene munaonjezera kuti itsogole. Pa Tron otumiza token ya USDT amadziwa bwino uthenga wa "OUT_OF_ENERGY", umene ndi m'bale wake wa "out of gas".

Chifukwa chiyani nthawi zina explorer imatchula chifukwa chake, nthawi zina ayi?

Chifukwa blockchain sisunga chifukwacho. Ambiri zimawadabwitsa.

Ethereum itayamba mu 2015, risiti ya transaction inalibe ngakhale malo olembapo kuti yatheka kapena yalephera. Mapulogalamu ankangoganizira: akaona kuti gasi yense watha, ankati mwina yalephera. Mu Okutobala 2017, pa kusintha kotchedwa Byzantium, m'pamene anaika mu risiti kachizindikiro ka 1 ngati yatheka ndi 0 ngati yalephera, n'kubweretsanso lamulo la REVERT limene limalola kontrakiti kuima osatha gasi yense. Mu 2018 chinenero cholembera makontrakiti cha Solidity chinayamba kulola wolemba kuphatikiza mawu ofotokoza chifukwa chokanira.

Koma mpaka lero chimene chimakhala mu risiti ndi 1 kapena 0 uja. Mawu ofotokoza aja amatuluka pa nthawi imene transaction ikuyendetsedwa, kenako amatayika. Kuti explorer ikuonetseni, imayenera kuiyendetsanso transaction yonse payokha, ndi mmene zinthu zinalili pa buloko imeneyo, n'kugwira mawuwo akamatuluka. Wallet imene ilibe njira yochitira zimenezi imangoti "Failed".

Mu 2021 Solidity 0.8.4 inabweretsa njira ina yotchipa: m'malo molemba chiganizo chonse, kontrakiti imangotulutsa kachidindo ka ma byte 4 koimira dzina la vutolo. Gasi amachepa, koma kuti kachidindoko kasanduke mawu omveka, pulogalamu iyenera kukhala ndi kalozera wa kontrakitiyo. Ngati eni ake sanaike code yawo poyera pa explorer, inu mumangoona manambala. Palinso mauthenga a "Panic", amene amatanthauza kuti china chake, monga masamu, chasokonekera mkati mwa kontrakiti: 0x11 ndi nambala yopyola malire, 0x12 ndi kugawa ndi ziro. Nthawi zambiri kuonjezera gasi sikuthandiza pa zimenezi.

Ndimafuna kusintha token ina ndi ina, zakanika. Mawu akulembedwawa akutanthauza chiyani?

Tiyeni titsatire chimene chimachitika. Mwatsegula Uniswap, tsamba losinthira ma token, mwalemba kuchuluka kwa token imene mukugulitsa, ndipo tsamba lakuonetsani kuti mulandira 1,000 ya token inayo. Mwavomera kuti mtengo ukhoza kutsetsereka ndi 0.5 peresenti, zimene amazitcha slippage. Ndiye kuti mu transaction yanu mwalembedwa kuti zosafika 995 simulandira. Pamene mukusaina ndi pamene buloko ikutuluka papita masekondi angapo, ndipo wina wagula token yomweyo patsogolo panu. Kontrakiti yawerengera, yapeza 991, yakana. Pa makontrakiti akale a Uniswap uthenga wake ndi "INSUFFICIENT_OUTPUT_AMOUNT", pa ena ndi "Too little received". Apa kontrakiti yakutetezani, ngakhale kuti chizindikiro chofiira chija sichikunena choncho. Mukhoza kuyesanso. Kukweza slippage kwambiri kumathetsa uthengawo, koma kumatsegulira khomo ma bot, mapulogalamu odziyendetsa okha, amene amagula patsogolo panu n'kugulitsa pambuyo panu.

"EXPIRED" ndi yosavuta: transaction inachedwa pamzere mpaka nthawi imene munaipatsa inadutsa. "TRANSFER_FROM_FAILED", kapena zilembo zitatu zokha za "STF", zikutanthauza kuti kontrakiti yalephera kutenga token m'wallet mwanu, kawirikawiri chifukwa simunaipatse chilolezo chokwanira kapena mulibe token zokwanira. Munthu amene sanawerengepo code sangalote kuti "STF" ndi chiyani, ndipo ndi ulesi kuti tsamba lizimuonetsa zilembozo osamasulira.

Pa Solana mumakumana ndi "custom program error" yotsatiridwa ndi nambala. Tanthauzo la nambalayo limatengera pulogalamu imene yaitulutsa. 0x1 yochokera ku pulogalamu ya ma token ndi ndalama zosakwana, pamene 0x1771 yochokera ku Jupiter, pulogalamu yosinthira ma token, ndi slippage yomwe ija. Nambala yomweyo yochokera kwina ikhoza kutanthauza china.

Yakhala pa "Pending" maola ambiri. Ndichite chiyani?

Kawirikawiri ndiye kuti ndalama imene munalonjeza pa gasi ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa pakali pano. Kuyambira Ogasiti 2021, buloko iliyonse ya Ethereum imakhala ndi mtengo woyambira umene umakwera kapena kutsika malinga ndi kudzaza kwa mabuloko. Malire anu akakhala pansi pa mtengowo, transaction singalowe mpaka mtengo utatsika.

Palinso nkhani ya nonce. Adiresi iliyonse imawerenga ma transaction ake motsatana: 0, 1, 2, kumapita. Ya nambala 41 singalowe ya nambala 40 isanalowe. Imodzi ikakakamira, zonse zimene mwatumiza pambuyo pake zimaima, ngakhale mutazilipirira zambiri chotani. Anthu amavutika n'kuonjezera gasi pa yomaliza, chonsecho yatsekereza njira ndi yakale. Yambani ndi ya nonce yotsikitsitsa.

MetaMask ndi ma wallet ena ali ndi mabatani awiri, "Speed up" ndi "Cancel". Onse awiri amatumiza transaction yatsopano ya nonce yomweyo koma yolipira zambiri. La "Cancel" limangotumiza 0 ETH kwa inu nomwe. Ma node ambiri amafuna kuti yatsopanoyo ikwere ndi 10 peresenti kapena kuposa, apo ayi mumalandira "replacement transaction underpriced". Dziwani kuti "Cancel" si kufafaniza. Ndi mpikisano, ndipo yakale ija ikhoza kulowa mu buloko yatsopanoyo isanafike. Yatsopanoyo ikapambana mumalipira gasi wake, ndipo Etherscan imalemba "Dropped & Replaced" pa yakale.

Kodi pa Bitcoin zimachitikanso chimodzimodzi?

Ayi. Pa Bitcoin kulibe transaction imene imalowa mu buloko n'kulembedwa kuti yalephera. Yosavomerezeka silowa n'komwe. Chimene chilipo ndi kudikira. Buloko imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo okumba, amene amapanga mabuloko, amasankha kaye olipira zambiri. Ma node oyendera pulogalamu ya Bitcoin Core, ngati eni ake sanasinthe, amasunga transaction yodikira kwa masiku 14 kenako n'kuitaya, ndipo akhoza kuitaya msanga mempool yawo ikadzaza.

Wotumiza akhoza kuifulumizitsa ndi RBF, kutanthauza kuilowetsa m'malo ndi ina yolipira zambiri. Wolandira nayenso ali ndi njira yake, CPFP: amagwiritsa ntchito ndalama zimene zikudikirazo mu transaction yatsopano yolipira bwino, ndiye wokumba amene akufuna yatsopanoyo amakakamizika kutenganso yakale.

Apu yati nthawi yatha isanalandire yankho. Ndibwereze?

Musabwereze kaye. Apa munthu akhoza kutaya ndalama zambiri chifukwa cha uthenga wolakwika. Apu ikadikira yankho kwa masekondi angapo osalandira, chimene ikudziwa n'chakuti sinamve kanthu. Sikudziwa kuti transaction yalephera. Mwina node inailandira bwinobwino, yankho lokha ndi limene linasochera intaneti itadukiza. Apu ikalemba "Failed" pamenepa, inu n'kudinanso "Send", wallet imapanga transaction yachiwiri ya nonce yotsatira, ndipo zonse ziwiri zimalowa. Wolandira walandira kawiri, ndipo blockchain ilibe ofesi yokadandaulako.

Onani hash pa explorer, ndipo onaninso adiresi yanu ngati yatulutsa china chatsopano. Pa Ethereum njira yotetezeka yobwerezera ndi kugwiritsa ntchito nonce yomweyo, chifukwa pa nambala imodzi pamalowa transaction imodzi yokha. Pa Bitcoin, ngakhale ma node ataitaya, transaction yosainidwa imakhalabe yamoyo ndipo wina aliyense amene anaisunga akhoza kuitumizanso. Imafa pokhapokha ndalama zomwezo zikagwiritsidwa ntchito mu transaction ina imene yalowa mu buloko.

Solana inakonza izi mwanjira ina. Transaction iliyonse imanyamula chidindo cha buloko yaposachedwa, ndipo chidindocho chimagwira ntchito kwa mabuloko 150 okha, mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Nthawiyo ikadutsa isanalowe, singadzalowenso. Mauthenga a "Blockhash not found" ndi "block height exceeded" amanena za zimenezi. Amaoneka oopsa, koma ndi amodzi mwa mauthenga abwino: mukatsimikiza pa explorer kuti sinalowe, mukhoza kutumiza ina popanda mantha.

Explorer yalemba "Success" koma ndalama sizinafike. Zatheka bwanji?

"Success" imangotanthauza kuti transaction yakunja yafika kumapeto osaima. Sikulonjeza kuti chimene mumafuna chachitika.

Ma token ena akale a ERC-20 (muyezo wa ma token a pa Ethereum) akalephera kutumiza saimitsa transaction, amangoyankha mwakachetechete kuti ayi. Risiti imalemba 1 koma palibe token yasuntha. Ma wallet a kontrakiti ali ndi nkhani yofanana. Pa dongosolo la ERC-4337, limene linayamba kugwira ntchito pa Ethereum mu 2023, pempho lanu limanyamulidwa pamodzi ndi a anthu ena mu transaction imodzi ya wina. Yaikuluyo ikhoza kutheka pamene lanu lalephera mkati, ndipo umboni wake umakhala mu zolembedwa za m'kati, osati pamwamba pa tsamba. Choncho musangoona chizindikiro chobiriwira. Tsikani pansi muone gawo la ma token amene asuntha, muone ngati adiresi ndi kuchuluka kwake zikugwirizana ndi zimene munatumiza.

Nthawi zina ndalama zafikadi, koma wolandira sakuziona. Mwina munatumiza pa netiweki ina, monga BNB Chain m'malo mwa Ethereum, poti maadiresi ake amaoneka chimodzimodzi. Mwina munatumiza ndalama ya XRP kapena XLM ku exchange, kampani yogulitsa ndi kusunga crypto, osalemba tag kapena memo yosonyeza akaunti ya wolandira, ndiye ndalama zili mu adiresi ya exchange koma sakudziwa kuti ndi za ndani. Apa blockchain yachita zonse bwino, ndipo amene angathandize ndi exchange yokhayo.

Ngati mukutulutsa ndalama ku Arbitrum kapena Optimism, manetiweki omangidwa pamwamba pa Ethereum, kubwerera ku Ethereum kudzera pa mlatho wawo weniweni, kudikira pafupifupi masiku 7 ndi mbali ya dongosolo, si vuto. Nthawiyo ikatha pamafunika transaction ina pa Ethereum yokatengera ndalamazo.

Kodi yolembedwa "Confirmed" ingasinthenso?

Ingasinthe, ngakhale si kawirikawiri. Mabuloko omalizira akhoza kulowedwa m'malo ndi ena, ndipo transaction imene inali mmenemo imabwerera pamzere. N'chifukwa chake pa Bitcoin pali chizolowezi chodikira mabuloko 6, pafupifupi ola limodzi, pa ndalama zambiri. Pa Ethereum, kuyambira Seputembala 2022, nthawi ya buloko ndi masekondi 12, koma kuti ikhazikike kotheratu pamatenga pafupifupi mphindi 13. Solana imatchula masitepe atatu: "processed", "confirmed" ndi "finalized". Exchange ikakudikiritsani pamene wallet yanu yanena kale kuti zatheka, onse awiri akunena zoona, angosiyana pa sitepe imene akuwerengera.

Wallet yandichenjeza kuti transaction ikhoza kulephera ndisanasaine. Ndipitirize?

Nthawi zambiri ayi. Isanakupatseni mtengo wa gasi, wallet imapempha node kuti iyeseze transaction yanu osaitumiza. Kuyesezako kukaima panjira, wallet imati yalephera kuwerengera gasi. Ena amaganiza kuti vuto ndi gasiyo, n'kulemba okha malire aakulu. Zotsatira zake ndi kulipira kuti muone kulephera kumene munauzidwa kale kwaulere. Funani chifukwa chake kaye: chilolezo, ndalama zotsala, netiweki imene mwasankha, kapena nthawi yogulitsa imene sinakwane.

Kuyeseza kukayenda bwino si chitsimikizo. Kumaona zinthu mmene zilili panopa, osati mmene zidzakhalire buloko yanu ikamatuluka.

Ndinangodina "Reject", koma tsamba lalemba kuti pachitika vuto. Ndaononga china?

Palibe. Wallet imatumizira tsamba nambala 4001, imene pa muyezo wa EIP-1193 imatanthauza kuti mwini wake wakana kusaina. Tsamba lolembedwa mosasamala limaionetsa ngati vuto. Simunasaine, ndiye palibe chapita.

Ilipo blockchain imene imafotokoza bwino zimenezi?

XRP Ledger inaganiza bwino pa mbali iyi. Yankho lililonse limayamba ndi zilembo zitatu zosonyeza gulu lake. "tes" ndi kutheka. "tec" ndi kulephera kumene kwalowa m'kaundula ndipo mwadulidwa. "tem" ndi transaction yolembedwa molakwika. "ter" ndi yoti ikhoza kutheka mtsogolo. "tecDST_TAG_NEEDED", mwachitsanzo, ikukuuzani zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwadulidwa kandalama, ndipo munaiwala tag. Munthu wamba sangaziwerenge yekha, koma wopanga wallet alibe chowiringula, chifukwa netiweki yamupatsa kale zonse zofunika kuti alembe chiganizo chomveka.

Ndine wopanga mapulogalamu. Uthenga wabwino uzikhala wotani?

Uziyamba ndi ndalama, osati ndi vuto. "Kusintha sikunatheke chifukwa mtengo unasuntha. Ma token anu akadali m'wallet mwanu. Mwalipira gasi wokwana mwakuti. Mukhoza kuyesanso." Wowerenga zimenezi sadzalembera aliyense kufunsa.

Mukakhala kuti simukudziwa, nenani kuti simukudziwa, ndipo tsekani batani lotumizira mpaka mutadziwa. Pakati pa "yatheka" ndi "yalephera" payenera kukhala malo achitatu a "tikufufuzabe", okhala ndi mtundu wakewake. Sungani hash musanatumize, osati mutalandira yankho, kuti munthu akatseka tsamba n'kubwerera apeze pamene anasiyira. Muzitsatira nonce osati hash yokha, chifukwa munthu akadina "Speed up" hash imasintha, ndipo apu imene ikudikira yakale idzazungulira mpaka kalekale.

Uthenga weniweni wochokera ku node musaubise. Uikeni pansi, pamene munthu angaukopere pamodzi ndi hash, chifukwa womuthandiza adzaufuna. Koma "Internal JSON-RPC error" isakhale chinthu choyamba, kapena chokhacho, chimene munthu akuona.

Nditafunsa za vuto langa pa intaneti, wina wandilembera kuti akonza wallet yanga. Ndimukhulupirire?

Ayi. Akuba amasaka anthu amene angolemba poyera kuti transaction yawo yakakamira, n'kubwera ndi dzina ndi chithunzi chooneka ngati cha kampani ya wallet. Amakutumizirani tsamba loti "mulumikizenso" kapena "mutsimikizire" wallet, ndipo tsambalo limapempha mawu anu achinsinsi 12 kapena 24, kapena limakusainitsani chilolezo chotengera ma token anu.

Palibe vuto lililonse la transaction limene limafuna mawu amenewo kuti likonzedwe. Wothandiza weniweni amangofuna hash, dzina la netiweki ndi uthenga umene munaona. Ngati munalemba kale mawuwo patsamba lotere, pangani wallet yatsopano ya mawu ena n'kusamutsira ndalama zonse kumeneko nthawi yomweyo. Ngati munangosaina chilolezo, chichotseni pogwiritsa ntchito gawo la Token Approvals pa Etherscan kapena Revoke.cash.